Chotupa cha mu ubongo chikakana kuchira: wodwala apite ku Blantyre, agone kuwodi, kapena abwerere kumudzi?

Pali mawu amene amafoola mabanja ambiri pakhonde la chipatala: "Apa palibenso chomwe tingachite." Adokotala akatero amatanthauza kuti chotupacho sichingachotsedwe, koma gadiyani amamva ngati auzidwa kuti apinde mphasa, atenge ndowa ndi wodwala wake azipita. Ine ndinawamva mawuwa ndikudwazika amalume anga, msodzi wa usipa wa kugombe la kum'mawa kwa nyanja. Anayamba ndi mutu wowawa m'mawa uliwonse, kenaka kusanza asanadye kanthu, kenaka dzanja lamanja linayamba kugwetsa nkhafi. Pomwe tinkafika nawo kuchipatala n'kuti mawu akuwathawa: akafuna kunena madzi, pakamwa pamatuluka moto.

Miyezi 7 imene inatsatira inandionetsa kuti ntchito inali idakalipo yambiri. Panali mutu wofunika kuuziziritsa, kugwa ngati wakhunyu kofunika kukuletsa, thupi lofunika kulitembenuza, ndi ana ofunika kuwauza zoona. A chipatala amachitcha chisamaliro chimenechi paliyetivu keya, ndipo dziko lathu lili ndi ndondomeko yake kuyambira 2014. Zipatala za maboma, kuphatikizapo cha ku Mangochi, zili ndi anamwino ndi madokotala amene anaphunzira ntchitoyi. Chimene banja limayenera kuyeza ndi malo: chisamalirocho chichitikire kuti, ndipo pa nthawi iti ya matenda.

Ulendo wa ku Blantyre

Ndiyambe ndi njira imene abale a ku Joni amaikonda. Amatumiza ndalama, kenaka uthenga wa mawu pa WhatsApp: "Musawasunge kumeneko, apititseni ku Queens." Nthawi zina amakhala akunena zoona.

Ulendowu uli ndi phindu lalikulu ukachitika msanga, chifukwa si chilichonse chooneka ngati chotupa mu ubongo chimene chili khansa. TB imatha kupanga chotupa mu ubongo, ndipo imachira ndi mankhwala. Kwa munthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika, kuli matenda otchedwa toxoplasmosis amene amapereka mutu womwewo, kugwa komweko ndi kufa ziwalo komweko, koma nawonso amamva mankhwala. Kulinso chotupa chotchedwa meningioma, chimene nthawi zambiri sichikhala khansa, ndipo opaleshoni ikatheka munthu amabwerera kumunda. Banja limene lavomereza kuti "ndi khansa" popanda sikani komanso popanda kuyezetsa magazi lafulumira. Kuchokera ku Mangochi, kalata yotumizira odwala nthawi zambiri imaloza ku Zomba Central, koma madokotala ong'amba mutu, omwe ndi owerengeka m'dziko muno, ambiri amapezeka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi Zomba. Wochokera ku Makanjira awonjezerepo ulendo wina wautali asanaone n'komwe mlatho wa Bakili Muluzi.

Sikani ikaonetsa khansa yeniyeni, nkhani imasintha. Khansa yoopsa kwambiri yoyambira mu ubongo mwa akuluakulu imatchedwa glioblastoma. Ngakhale m'mayiko olemera, kumene wodwala amachitidwa opaleshoni, kuwotchedwa ndi makina ndi kumwa mankhwala amphamvu, pafupifupi theka la odwala sapitirira miyezi 15. Zotupa zina zimakhala zochokera kwina, monga kubere kapena kumapapo, ndipo zikafika ku ubongo ndiye kuti matenda ayenda kale thupi. Kale wofuna makina owotchera khansa amatumizidwa ku India, Tanzania kapena Zambia. Kuyambira 2024 makinawa anayamba kupezeka m'dziko muno, ku Blantyre pa chipatala cholipira, kenaka ku Lilongwe pa chipatala cha khansa cha boma chimene chili pa Kamuzu Central. Zimenezi n'zabwino, koma banja lidziwe chimene likugula. Kuwotcha chotupa cha mtundu wa glioblastoma kumatenga masabata 6, masiku asanu pa sabata, ndipo kumawonjezera miyezi, sikuchiza. Kwa bambo wa zaka 40 amene akuyenda yekha ndipo akufuna kuona mwana wake akulemba mayeso, miyezi imeneyo ndi ya mtengo wapatali. Kwa agogo amene sakudzuka, sakumeza bwino ndipo sakuzindikira anthu, ulendowo ndi chizunzo chabe. Funso limene ndikanakonda wina akanandiuza kuti ndifunse ndi ili: "Adokotala, zimene tikukachitazo zikachiza, zikawonjezera masiku, kapena tikungokaonetsa?" Madokotala ambiri amayankha moona mtima akafunsidwa mwachindunji chotere.

Mukafika ku Queens, musachoke musanaonane ndi a Tiyanjane, amene amasamalira akuluakulu a matenda osachiritsika. Ana amaonedwa ndi a Umodzi. Iwowa ndi amene amalemba m'buku la wodwala ndondomeko ya mankhwala imene chipatala cha kwanu chikapitirize. Kubwerako ndi chithunzi cha sikani chokha, popanda ndondomekoyi, ndi kubwera chimanjamanja.

Pali chinanso chimene anthu sakonda kutchula. Munthu akamwalira ku Blantyre, galimoto yonyamula thupi kufika nalo ku Namwera kapena ku Malindi imadya ndalama imene banja linalibe kale, ndipo kwa Asilamu, amene amafuna kuika maliro tsiku lomwelo kapena mawa lake, mtunda umenewo umawawa kawiri.

Kukhalabe kuwodi

Wodi ili ndi zinthu zimene kumudzi kulibe, ndipo pali masiku amene zinthuzo n'zofunika kuposa china chilichonse. Ubongo umatupa mozungulira chotupa, koma chibade sichitanuka, choncho mutu umawawa koopsa, munthu amasanza, amagona tulo tosadzuka. Mankhwala otchedwa dexamethasone amachepetsa kutupako, ndipo wodwala amene sakumeza amatha kuwalandira kudzera mu jakisoni. Ndinaona ndi maso anga: amalume, amene Lolemba sanathe kutsegula maso, Lachitatu anakhala tsonga n'kufunsa ngati wina anakokera bwato pamtunda. Akazi awo analira, akuganiza kuti achira. Namwino anawakokera pambali n'kuwauza mofatsa kuti, "Mayi, chotupa chilipobe. Tangochotsa madzi ozungulira. Masiku amenewa muwagwiritse ntchito." Anali malangizo abwino kuposa onse amene tinalandira.

Kuwodi n'kumenenso amaletsa kugwa kosalekeza ndi diazepam, kuika paipi ya mkodzo, kuyeza shuga, ndi kupeza mlingo woyenera munthuyo wa mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Ku chipatala cha boma zonsezi sizilipiritsidwa.

Koma tisanamizane, kugona m'chipatala kuli ndi mtengo wake. M'zipatala zathu wosambitsa, wodyetsa, wotembenuza ndi wotaya mkodzo ndi gadiyani, ndipo wodwala ubongo amafuna agadiyani awiri, chifukwa mmodzi akapita kuchitando kukaphika phala, wina ayenera kukhala pambali poopa kuti angagwe pabedi kapena kuzula paipi. Anthu awiri amenewo asiya munda, geni ndi ana. Makala, ufa, ndiwo ndi sopo zonse n'zogula paboma. Kutentha kwa Okutobala kwa kuno mukukudziwa, ndipo mu wodi yodzaza munthu wa mutu amavutika ndi phokoso, magetsi osazima usiku ndi kulira kwa pabedi loyandikana. Wodwala amene mutu wayamba kusokonekera amasokonekera kwambiri pamalo achilendo. Amalume usiku amadzuka kufunafuna nyali za pabwato, akuona ngati ali panyanja.

Ine ndimaona wodi ngati malo ozimitsirako moto. Mukhaleko masiku oti mutu utsike, kugwa kuleke, mlingo wa mankhwala ukhazikike, inuyo muphunzire ntchito. Zikatero, kukhalabe mwezi wina n'kungodikira imfa pakati pa alendo. Pali mabanja ena amene wodi ndi yabwino kwa iwo mpaka mapeto: amene kunyumba kulibe wamkulu wosamalira, amene wodwala akugwa kangapo pa tsiku ngakhale akumwa mankhwala, kapena amene wodwala wayamba ndewu moti ana m'nyumba sali otetezeka. Amenewo asachite manyazi kupempha kukhala.

Zipatala za mishoni

Kwa a ku Malindi kuli St Martin's, kwa a kumbali ya Maldeco kuli Koche, kumtunda kwa Namwera kuli Mulibwanji. Ubwino wake ndi kufupika: gadiyani atha kusinthana, chakudya chichokere kunyumba, shehe kapena abusa afike wapansi. Vuto ndi bilu, imene imakula tsiku ndi tsiku pa matenda amene sadziwika tsiku lothera. Musanagoneke wodwala, funsani zinthu ziwiri: ngati ali ndi mofini wakumwa, ndi ngati pali wogwira ntchito amene anaphunzira paliyetivu. Zikapanda kupezeka, mwangogula bedi.

Kunyumba, koma osati kutayidwa

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa ndi njira imene ambiri amathera, ena mwa kufuna, ena chifukwa ndalama yatha. Kubwerera kumudzi kuli mitundu iwiri. Wina amabwerera usiku mothawa, atakhumudwa, wopanda mankhwala kupatula Panado wa pagolosale. Wina amatuluka atalembetsa ku kiliniki ya paliyetivu, ali ndi botolo la mofini, mapiritsi a mwezi, tsiku lobwerera kukatenga ena, ndi nambala ya foni ya namwino. Onse awiri ali kunyumba, koma imfa zawo sizifanana. Ganizo lakuti chisamaliro chitsate munthu kwawo si lachilendo kuno. Ndi limene namwino Lucy Finch anayambira Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika, ku Salima mu 2007.

Mofini anthu amamuopa. Amati ndi mankhwala omalizitsa munthu, kapena kuti wodwala azolowera ngati chamba. Akaperekedwa pa mlingo umene a chipatala alemba, safupikitsa moyo. Ndi wamadzi, amayezedwa ndi sirinji yopanda singano n'kuthiridwa m'kamwa. Chinsinsi chake ndi nthawi: maola 4 aliwonse, ululu usanabwerere, osadikira kuti munthu ayambe kubuula. Ife tinkapereka 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko, 6 koloko madzulo, ndipo pa 10 koloko usiku mlingo wowirikiza monga anatilembera, kuti tonse tigoneko. Akazi a amalume sankawerenga wotchi, choncho mwana wa sitandade 7 anatchera alamu pa kafoni, ndipo kafoniko kamatchajidwa pa sola ya aneba. Mabotolo a mofini amasiyana mphamvu, choncho mukapatsidwa botolo looneka mosiyana ndi lakale, funsani musanayeze. Libisidwe pamene ana sangafike.

Mofini amamanga m'mimba, aliyense. Musachoke kuchipatala popanda mapiritsi otsegula monga bisacodyl. Akasowa, a paliyetivu amalangiza njere za papaya zouma, zosinja, zothira m'phala. Afunseni mlingo wake. Munthu wa chotupa mu ubongo akamadzikakamiza pa chimbudzi, mutu umakwera.

Dexamethasone ndi amene anandipweteketsa mtima, ndipo kulakwa kunali kwanga. Mapiritsi anatha m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, msewu uli matope, ine n'kunena kuti tidikire Lolemba. Pa tsiku lachitatu amalume anali kusanza, atafooka, osatha kudzuka. Mankhwalawa salekedwa mwadzidzidzi munthu akawamwa masabata angapo. Amatsitsidwa pang'onopang'ono ndi a chipatala. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga mapiritsi Lachisanu lililonse, ndipo akatsala a sabata imodzi ndinkakwera kabaza ndi buku la wodwala, chifukwa gadiyani amatha kukatenga mankhwala wodwala atatsala kunyumba, mukagwirizana ndi a kiliniki. Amamwedwa m'mawa ndi chakudya, chifukwa madzulo amathawitsa tulo ndipo pamimba yopanda kanthu amapsereza. Amatupitsa nkhope, amakweza shuga, amafoola ntchafu, ndipo amabweretsa zoyera m'kamwa zimene zimapweteka pomeza. Alendo akamati "anenepa, akuchira," inu mudziwe kuti ndi mankhwala.

Kugwa n'kumene kumaopsa ana ndi aneba. Mapiritsi ake, kaya phenobarbitone, carbamazepine kapena valproate, amwedwe tsiku lililonse ngakhale papite mwezi osagwa. Akagwa, mugonekeni chammbali, chotsani mbaula ndi zinthu zolimba pafupi, ikani chitenje pansi pa mutu. Osalowetsa supuni kapena chala m'kamwa, osamuthira madzi, osamupanikiza. Malovu ake sapatsirana matenda, ngakhale ambiri amathawa poopa zimenezo. Kugwa kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, ndi nthawi yofuna galimoto. Amene muli kutali, funsani ngati angakuphunzitseni kupereka diazepam wolowetsa kumalo ochitira chimbudzi.

Ntchito yotsala ndi ya manja. Munthu wofa mbali imodzi atembenuzidwe maola 2 aliwonse, apo ayi pachiuno, pamsana ndi pazidendene pamabuka zilonda zimene sizipola. Mphasa pa simenti ndi mdani. Kamatiresi, ngakhale kobwereka, kokutira ndi pulasitiki ndi zitenje zouma, kamasintha zinthu. Mutu ukhale pokwera. Podya akhale tsonga, phala likhale lokhuthala pang'ono, chifukwa madzi ndi thobwa lopyapyala ndi zimene zimalowera kumapapo munthu akayamba kutsamwa. Ndipo apa ndinene kwa amuna anzanga: kunyamula bambo wamkulu kupita naye kubafa si ntchito yosiyira mayi mmodzi ndi mtsikana wa sukulu. Ife tinagawana mausiku anthu anayi, ndipo ngakhale choncho tinatopa mpaka kuyankhana mokalipa. Amayi a dawa ndi a mvano akabwera kudzazonda, musangowayalira mkeka. Apempheni atunge madzi, achape, akhale ndi wodwala ola limodzi kuti wosamalira agone.

Chotupa cha mu ubongo chimasintha khalidwe. Munthu waulemu amayamba kutukwana, kuvula pagulu, kunena mkazi wake kuti ndi wakuba. Apa ndi pamene nkhani za ufiti zimalowera, ndipo mbuzi zimayamba kupita kwa asing'anga. Ifenso tinataya mbuzi ziwiri kwa wina amene anatema mphini pamutu n'kulamula kuti mapiritsi aleke. Sindikunena kuti banja lisiye chikhulupiriro chake. Shehe amene ankabwera kudzawerenga madzulo ankawakhazika mtima amalume kuposa ife tonse, ndipo ndi iyeyo amene anawatsimikizira kuti wodwala saumirizidwa kusala m'mwezi wa Ramadan, choncho amwe mankhwala masana. Mzere wanga ndi umodzi: aliyense wonena kuti mankhwala a kugwa kapena dexamethasone aleke, kaya ndi sing'anga kaya mneneri, asalowe m'nyumba.

Ndani asankhe, ndipo liti

Kwathu nkhani yotere imadikira mwini mbumba, ndipo mwini mbumba amadikira a ku Joni amene akutumiza ndalama. Pa matenda ena kudikirako kulibe vuto lalikulu. Pa khansa ya mu ubongo kuli ndi vuto, chifukwa matendawa amalanda mawu ndi nzeru thupi lisanathe. Wodwala khansa ya chiwindi atha kulankhula mpaka sabata yomaliza. Wa ubongo mwina ayi. Choncho masiku aja amene dexamethasone wawadzutsa ndi ofunsira mwini wake. Ife tinkaopa, tikuti tiwafooketsa. Tsiku lina ndinalimba mtima ndili kuwameta ndevu pakhonde. "Amalume, a ku Joni akuti tibwererenso ku Blantyre. Inu mukuti bwanji?" Anakhala chete nthawi yaitali, akusaka mawu, kenaka analoza nyanja ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Pano." Sabata yomweyo anaitanitsa mlongo wawo ndi akazi awo pamodzi, n'kunena za bwato, maukonde ndi nyumba, mwana wina akulemba, mboni ziwiri zilipo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, koma mawu a mwini wake, olembedwa iye akadali ndi nzeru, amatseka pakamwa anthu ambiri.

Mukandifunsa ine, nditaona njira zonsezi, ndinganene kuti Blantyre mupiteko kamodzi, msanga, kuti mudziwe dzina la matenda ndi kumva ngati opaleshoni kapena kuwotcha kungathandize munthu wanuyo. Wodi muigwiritse ntchito pamene zinthu zavuta, ndipo kubwererako kawiri kapena katatu si kulephera. Masiku ochuluka akhale a kunyumba, koma pokhapokha pali chingwe cholumikiza nyumbayo ndi kiliniki. Tsiku lotuluka musanyamule katundu musanaone kuti m'buku mwalembedwa mankhwala onse ndi nthawi zake, tsiku lodzatenga ena, ndi zoti muchite wodwala akasiya kumeza. Wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu adziwe kuti m'nyumba mwanu muli wodwala wotere.

Mapeto a matendawa nthawi zambiri amabwera ndi tulo. Munthu amagona maola ochuluka, amasiya kufuna chakudya, kenaka madzi. Apa mabanja amathamangira kukapempha dripi kapena paipi ya m'mphuno, poopa kuti anthu anena kuti anamupha ndi njala. Thupi limene likutseka silifuna chakudya, ndipo kukakamiza phala kumangotsamwitsa. Chofunika ndi kunyowetsa milomo ndi kansalu, kutsuka m'kamwa, kumugoneka chammbali kuti malovu atuluke, ndi kupitiriza mofini pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya monga namwino walangizira. Kupuma kumasintha, kumaduka n'kuyambiranso, pakhosi pamalira. Kumawawitsa mtima omvera kuposa wodwala. Muzilankhulabe naye bwino, ndipo mikangano ya katundu ikachitikire kuseri.

Amalume anapita m'bandakucha, asodzi anzawo akubwera kumadzi, ndipo pofika madzulo n'kuti titawaika. Patapita sabata ndinakwera kabaza ndi botolo la mofini limene linatsala theka, chifukwa mankhwala amenewa sasungidwa m'nyumba kapena kupatsa wina wa dzino. Namwino analilandira, analemba m'kaundula wake, kenaka anandifunsa ngati akazi awo akugona tulo, ndi ngati mwana uja wa alamu wabwerera kusukulu.